Malovu Anga pa Chingwe cha Matumba

Abale ndi alongo, zikomo pondipatsa mpata. Amene mwakhala kumbuyoko musadandaule, mawu anga ndi a pamsika, afika. Ine ndine Dominiko Mbewe, kwathu ndi ku Kapondo, ntchito yanga ndi yosoka matumba. Ichi ndagwira m'manjachi mukuchidziwa nonse, ndi chingwe chosokera matumba a mtedza. Kachingwe ngati kameneka kanatsala pang'ono kundisandutsa munthu wakupha mnzake, ndipo choopsa n'chakuti ine mwiniwake ndinali nditavomera kale mumtima.

Ndikudziwa kuti ena muno muli ndi ana kapena amuna anu ku rimandi. Ena mwabwera chifukwa cha botolo, musayang'ane pansi, ife timadziwana ndi fungo. Nkhani yanga ikukhudza nonse.

Ndinkagwira ntchito kwa bwana Yusufu, ogula mtedza ndi soya pamsika wa kufupi ndi boda. Alimi akabwera ndi mbewu tinkayeza pa sikelo, kusankha, kuthira m'matumba, ine n'kusoka. Kusoka ndinkadziwa, zimenezo sindingabise. Thumba langa linkafika ku Chipata osataya ngakhale njere imodzi. Mlonda wa nyumba yosungiramo katunduyo anali a Sakala, bambo wachikulire wochokera ku Guilleme, munthu wosapupuluma. Ankafika dzuwa lisanalowe, kukhala pa thumba n'kumandiyang'ana ndikumaliza ntchito. Nthawi zina ankandigawira chinangwa chimene akazi awo anawaphikira.

Kenako kachasu analowa. Poyamba kanali ka Loweruka, kenako ka madzulo alionse, mapeto ake kam'mawa kuti manja asiye kunjenjemera. Mayi a Chisomo, akazi anga, analankhula mpaka anatopa. Tsiku lina ndinatapa mtedza m'chidebe kuti ndikasinthitse ndi mowa, a Sakala anandigwira dzanja pakhomo n'kundiuza modekha kuti ndibwezere. Ndinawalalatira anthu akumva, msika wonse. Ndinati, "Mdala inu mudzandiona." Mawa lake bwana Yusufu anandichotsa ntchito.

Sipanapite nthawi, akuba anathyola nyumba ija. M'mawa anthu anapeza a Sakala atamangidwa manja ndi chingwe cha matumba, atamenyedwa m'mutu. Anamwalira atangofika nawo kuchipatala. Ine masiku amenewo ndinali thapsa, ndinkamwa osawerenga kuti kwacha kapena kwada. Apolisi atandifunsa kuti ndinali kuti, ndinasowa choyankha. Sindinkabisa kanthu, m'mutu munalibe chilichonse, munangoti bii. Mawu anga a pamsika aja anthu anali asanaiwale. Ananditenga.

Ndili ku rimandi anabwera ndi kathonje, kundipukuta m'kati mwa tsaya, akuti akayeze DNA. Kwa amene simukudziwa, DNA ndi chizindikiro cha munthu chimene chimapezeka m'magazi, m'malovu, ngakhale m'thukuta la m'manja, ndipo aliyense ali ndi chake. Chingwe chija nachonso anachitumiza ku labotale. Patapita miyezi yankho linabwera: DNA ya pachingwe chimene anamangira a Sakala ndi ya Dominiko Mbewe.

Abale anga, ndende ndi yowawa. Kugona chammbali ngati usipa, nsabwe, nyemba za madzi, zonsezo mwamva. Koma pansi penipeni pamene ndinafika sipanali pamenepo. Panali pamene ndinayamba kukhulupirira. Ndinkayang'ana manja angawa n'kumawafunsa kuti, kodi munachitadi? Munthu amene anandigawira chinangwa? Ndinkayesa kukumbuka mpaka mutu kuwawa, ndipo popeza sindinkakumbuka, maganizo anayamba kundipangira zithunzi zawozawo. Ndinkadziona ndikumanga mfundo. Ndinasiya kupemphera, chifukwa ndinkachita manyazi kutchula dzina la Mulungu ndi pakamwa pangapa.

Mayi a Chisomo atabwera kudzandiona ndinawauza kuti asadzabwerenso. Ndinati, "Bwererani kwanu, mwanayo mukamuuze kuti bambo ake anafa." Iwo anangondiyang'ana, n'kunena kuti, "Kuledzera ndikukudziwani, kupha sindikukudziwani." Mwezi wotsatira anabweranso ndi thobwa.

Mlandu utayandikira anandipatsa loya wothandiza anthu osauka, a Kamanga, munthu wowonda, wovala jekete lomukulira. Anandiuza kuti a boma akhoza kulola kuti ndivomere mlandu wocheperapo, wakupha munthu mosakonzekera, zaka n'kuchepa. Ndinayankha asanamalize n'komwe. Ndinati ndivomera.

"Mukukumbuka kuti munachita?" anandifunsa.

"Ayi bwana, koma makina anena."

"Makina anena chiyani?"

"Anena kuti ndine."

A Kamanga anakanda m'mutu. Anati, "Ine sayansi imeneyi sindinaiphunzire, ndiye sindingakunamizeni kuti ndikuimvetsa. Koma malamulo amalola kuti katswiri wina, amene sali mbali ya boma, aunikenso ntchito yonse. Musavomere kaye." Ndinawauza kuti akutaya nthawi. Anati nthawi ndi yawo.

Katswiriyo anali mayi, dokotala Nkhoma. Si dokotala wa jakisoni, ndi wa sayansi yoyeza zinthu zopezeka pamalo a mlandu, ndipo amaphunzitsa ku koleji. Apa ndilankhule pang'onopang'ono, chifukwa moyo wanga unakhotera pamenepa.

Ndinkayembekezera munthu wa chijasi choyera, wolankhula Chingerezi cha m'mphuno. Kunabwera mayi wamfupi, wa nsapato zafulati, atanyamula chikwama ngati cha kumsika. Anandipatsa moni wa manja awiri, ine wandende wonunkha. Mawu awo oyamba anandikhumudwitsa. Anati, "Bambo Mbewe, ndikuuzeniretu. Sindinabwere kudzakupulumutsani. A Kamanga ndi amene ali mbali yanu, ine sindili mbali ya munthu. Ndikapeza kuti chingwe chikukulozani, ndikanena zomwezo m'khoti." Mumtima ndinati, ndiye mwavutikiranji ulendo wonsewu?

Anali ataona kale zonse zimene a ku labotale anachita, osati yankho lomaliza lokha, komanso zithunzi za chingwecho ndi malo amene anapukutapo kathonje. Anaika chithunzi chimodzi patebulo. Kunali koyamba kuti ine ndichione chingwe chimenecho.

"Yang'anani bwino," anatero. "Si chingwe chimodzi chachitali. Ndi tizidutswa tolumikizalumikiza. N'chifukwa chiyani munthu angalumikize tizidutswa?"

Ndinati, "Zimenezo ndi zingwe zakale, mayi. Kwathu chingwe sichitayidwa. Tikamasula thumba kuti tisankhenso mtedza, chingwe timachisolola n'kuchipachika pa msomali pakhomo. Pamakhala mtolo."

"Amene anasoka matumba amenewo poyamba ndani?"

"Ine."

Analemba, osasonyeza chilichonse pankhope. Kenako analoza kumapeto kwa kachidutswa kena. "Apa sipanadulidwe bwino, paphwanyika. Chingwe mumadula ndi chiyani?"

"Ndi mpeni," ndinayankha. Ndipo sindinkanama, ndinkaona ngati ndi choncho. Munthu akakufunsani kuti mukamakwera njinga mumayamba ndi mwendo uti, mungayankhe msanga?

Mayiwo sanatsutse. Anatsegula chikwama chija n'kutulutsa thumba lopanda kanthu ndi chingwe chatsopano. Singano yamatumba asilikali a ndende anaikaniza pageti, ndiye mayiwo anachotsa cham'kati cha bolopeni yawo, n'kuchiboola kachibowo kuti chikhale singano. Anati, "Tandisokerani. Musaganize kanthu, mungosoka ngati galimoto ikudikira."

Ndinalandira thumbalo. Manja amene ndinkadana nawo aja anadzuka okha. Ndinapinda kamwa la thumba, kupanga khutu loyamba, kuyenda nalo mpaka kwinako, kupanga khutu lachiwiri, kumanga. Kenako ndinamva a Kamanga, amene anabwera nawo, akuti, "Imani pomwepo."

Ndinaima. Chingwe chinali m'kamwa mwanga.

Ndinali nditachinyowetsa ndi malovu kuti chilowe pa kachibowo, ndinakoka mfundo ndi mano chifukwa dzanja lina linagwira khutu la thumba, ndipo ndinali pakati poluma kuti chiduke. Zaka zonsezo ndinkachita zimenezi thumba lililonse, osadziwa. Ndinakhala kakasi, chingwe chili lende pamlomo ngati mbuzi yogwidwa ikudya mpanda. Msilikali amene anaima pakhomo anaseka.

Dokotala Nkhoma sanaseke. Anati, "A ku labotale anapukuta kumapeto kwa zidutswazi, ndipo anapeza DNA yambiri. Kugwira chabe kawirikawiri sikusiya yochuluka chonchi. Malovu amasiya."

Misozi inangoyamba yokha. Ndinagwada pansi pa simenti. Ndinati, "Mayi, ndiye kuti sindinaphe? Ndiuzeni kuti sindinaphe."

Mukudziwa chimene anayankha? Munthu wina akanandisangalatsa. Ndinali pansi, ndikulira, kunena kuti eya kunali kosavuta. Iwo anati, "Dzukani, bambo Mbewe, khalani pa benchi. Zimenezo sindikuzidziwa. Chingwechi nachonso sichikudziwa. DNA imanena kuti ndi ya ndani, basi. Sinena kuti inafika liti, kapena inafika bwanji. Chimene ndinganene n'chakuti musavomere mlandu chifukwa cha chingwe ichi."

Tsiku limenelo ndinawakwiyira pang'ono. Lero ndikamaganiza, ndimaona kuti pamenepo m'pamene anandilemekeza koposa. Akanandinamiza kuti andisangalatse, mawu awo onse akanakhala opanda ntchito, kwa ine ndi kwa khoti lomwe.

Sanathere pomwepo. Anati zoganiza sizokwanira, ziyesedwe. Bwana Yusufu anali atatseka nyumba ija kuchokera pa maliro, bizinesi anasamutsira kwina, ndipo mtolo wa zingwe zakale unali ukadali pa msomali. A Kamanga anapempha khoti, apolisi anapita kukautenga mbali zonse ziwiri zikuona, n'kuutsekera m'maenvelopu. Zingwe zimenezo, zimene sizinamangepo munthu, zinayezedwa. Kumapeto kwake anapeza malovu, ndipo DNA inali ya munthu yemweyu, Dominiko wa mano akuthwa.

M'khoti lalikulu ndinaona chinthu chimene sindidzaiwala. Ndinkaganiza kuti mayi aja akanyoza anzawo a ku labotale. Ayi. Anati anthuwo anayeza bwino, DNA ndi ya woimbidwa mlandu, palibe chokayikitsa. Anati vuto ndi funso limene anafunsidwa. Anafunsidwa kuti ndi ya ndani, anayankha. Palibe anawafunsa kuti inafikapo bwanji, ndipo palibe anawauza kuti munthuyu ndi amene ankasoka matumba a m'nyumbamo.

Woimira boma pa mlandu anali bambo wodziwa ntchito yake. Anaimirira n'kufunsa kuti, "Dokotala, kodi mungauze khoti lino kuti munthu uyu sanamange malemu Sakala?"

"Ayi, sindingathe," anatero.

Ndinamva mayi a Chisomo akubuula kumbuyo.

"Ndiye n'kutheka kuti anamanga?"

"N'kutheka. N'kuthekanso kuti anamanga ndi munthu wina aliyense amene anatenga chingwe pa msomali uja. Mukanamanga inuyo, bwana, tikanapezabe DNA ya bambo Mbewe. Pa mfundo zimene zinagwira manja a malemu panapezeka zochepa, zosakanikirana za anthu angapo, zosatheka kutchulira munthu. Sindingawonjezere pamenepo, ndipo sindingachotsepo."

Anawafunsa mozungulira, kuwakokera uku ndi uku, koma mayiwo sanasunthe ndipo sanakweze mawu. Pamene sakudziwa ankati sindikudziwa. Ine ndakhala ndi anthu ambiri pamsika ndi pamowa, aliyense amadziwa zonse, kuyambira mtengo wa soya mpaka tsiku lobwera mvula. Munthu wophunzira chonchija kunena kuti sindikudziwa, khoti lonse likumva, ndinaona chachilendo.

Mawu awo anatsegula pakamwa pa munthu wina. Mayi amene ankatigulitsa kachasu ankadziwa kuti nthawi imene nyumba inathyoledwa ine ndinali nditagona kuseri kwa khola lawo la mbuzi, ndipo anandifunditsa chiguduli. Anakhala chete nthawi yonseyo. A Kamanga atawafunsa chifukwa chake, anati, "Nditamva kuti makina amugwira, ndinayamba kudzikayikira ndekha. Ine ndani kuti nditsutsane ndi makina?" Mukuona, abale? Si ine ndekha amene ndinagonja. Atamva kuti makinawo sananene zimenezo, anabwera kudzaikira umboni. Woweruza anandimasula.

Ndinafunafuna dokotala Nkhoma panja pa khoti kuti ndiwathokoze. Ndinawapeza akudikira minibasi. Anati, "Musandithokoze ngati ndakukonderani. Kasamaleni moyo wanu." Sindinawaonenso mpaka lero. Mwana wathu wachiwiri akanakhala wamkazi ndikanamutcha dzina lawo, koma anabadwa mwamuna, ndiye a Kamanga anadyerapo mwayi.

Tsopano kwa inu amene muli ndi abale m'kati. Musamve kuti DNA n'kufooka mawondo. Komanso musapite uku mukunena kuti DNA ndi yabodza, ayi, ya ine inali yoona. Mufunse kuti anaipeza pa chiyani, pamalo pati, ndipo m'bale wanuyo ankagwira chinthucho pa ntchito yake kapena ayi. Loya mumuuze zonse, ngakhale zooneka zopusa, momwe munthuyo amagwirira ntchito, zimene amabwereka, zimene amabwereketsa. Anthu a m'maofesi sanasokepo thumba, sangalote zimenezi mukapanda kuwauza. Mupemphe kuti katswiri wina aunikenso. Akatswiri otere ndi ochepa, ndipo si mlandu uliwonse umene angapezeke, koma kupempha si mlandu. Mudziwenso kuti katswiri woona sagulidwa. Ngati m'bale wanu anachitadi, adzanena, ndipo mukonzekere kumva.

Kwa inu a botolo, ndili ndi chimodzi chokha. Chingwe chinandimangitsa, koma chimene chinandichititsa kuvomera ndi mowa. Munthu wosaledzera akafunsidwa kuti unali kuti, amayankha. Ine ndinagulitsa masiku anga kwa kachasu, ndipo tsiku limene ndinawafuna kuti andiikire umboni sanapezeke. Nditatuluka ndinasiya kudutsa njira ya kwa mayi aja, ngakhale ndimawathokoza, moni timapatsirana kutchalitchi. Malipiro amalandira mayi a Chisomo. Chilakolako chikandigwira ndimapita kwa a katekisiti kapena kubwera kuno, kudzakhala ndi inu. Sindinganene kuti chinatha. Ndimangodziwa kuti dzulo ndinali kuti.

Bwana Yusufu anandibwezera ntchito, ndipo anandigulira kampeni, akuti mano ndisungire chimanga chowotcha. Koma panali munthu mmodzi amene khoti silikanatha kundiyanjanitsa naye, mayi Sakala, mkazi wa malemu. Amene anapha amuna awo sanapezeke mpaka lero. Mayiwa ankakhala m'khoti masiku onse, atavala zakuda, ndipo ine nditamasulidwa anatuluka osayang'ana munthu. Tikakumana pamsewu ankawolokera tsidya lina. Ndinkawamvetsa. Munthu amene anaopseza amuna awo pagulu ndinali ine, ndipo zimenezo palibe katswiri angazifufute. Ndinapita kwawo ndi akuluakulu kukapepesa za mawu aja, anatilandira pabwalo, koma sanayankhe kanthu.

Nyengo yokolola yapitayi ndinaona ngolo ikuima pa sikelo yathu. Anali mayi Sakala, abwera ndi mtedza kuchokera ku Guilleme. Ogula mtedza alipo ambiri pamsewu uja, akanatha kuima pena paliponse. Tinayamba kuyeza. Ndinasoka thumba loyamba, n'kutulutsa kampeni kaja.

"Ikani mpeniwo," anatero. "Sokani mmene munkasokera."

Ndinatenga thumba lachiwiri. Ndinanyowetsa chingwe, kusoka, kukoka mfundo ndi mano, kuluma. Mayiwo anawerama, anagwira kansonga kachingweko ndi zala ziwiri, kakadali konyowa. Anakayang'ana nthawi yaitali.

Anati, "Bambo akwathu ankabwera kunyumba akuseka. Ankati, mnyamata uja Dominiko adzafika pa ukalamba alibe mano, amasoka ndi pakamwa." Anapukuta zala pa chitenje. "Ndinakumbukira m'khoti muja, mayi aja akulankhula. Koma ndimafuna ndione ndi maso anga."

Iwo anakhala pa thumba, monga momwe a Sakala ankakhalira, anamasula kamtolo ka chinangwa chophika, anabenthula n'kundipatsa.

"Idyani," anatero, "matumba akadalipo."

Ndathokoza pondimvetsera, abale. Chingwechi chiyende m'manja mwanu, aliyense achione, koma chibwerere kuno. Kwathu chingwe sichitayidwa.